Kusankhira kholo mudzi wa okalamba ku America: poyambira, pofunsa ndi posaina

Kwathu mawu oti "amayi tikawasiye kunyumba ya okalamba" salankhulika. Ukangoyerekeza, abale amakuyang'ana ngati wataya kholo kudzala. Koma amene takhalitsa ku America tikuudziwa moyo wa kuno. Ana onse ali kuntchito, ena mashifiti awiri, adzukulu ali kusukulu, ndipo agogo amatandala okha pampando, kunja kuli sinowo, masitepe a m'nyumba akuwaopa. Ena mwa ife tinakwatira kapena kukwatiwa konkuno, ndipo apongozi amayamba okha kunena kuti akufuna kusamukira ku CCRC, ife n'kumangovomera osadziwa kuti n'chiyani.

Mawuwa ndi chidule cha Continuing Care Retirement Community, ndipo masiku ano ena akumati life plan community. Ndi mudzi wa okalamba umene uli ndi magawo onse pamalo amodzi. Munthu amalowa akadali ndi mphamvu n'kumakhala m'nyumba yakeyake, gawo limene amalitcha independent living. Akayamba kuvutika kusamba, kuvala ndi kumwa mankhwala amapita ku assisted living. Mutu ukayamba kusokonekera pali memory care, ndipo akafika pofuna anamwino usana ndi usiku pali skilled nursing. Midzi yotereyi ilipo pafupifupi 1,900 m'dziko lonse, yambiri ndi ya mabungwe osachita phindu, ndipo yochuluka inayambitsidwa ndi mipingo. Foulkeways wa ku Gwynedd ku Pennsylvania, mwachitsanzo, anautsegula a mpingo wa Quaker mu 1967.

Musanaponde kulikonse, gwirani mfundo iyi: m'midzi yambiri yotere simukugula nyumba. Chikalata cha umwini simulandira. Chimene mukugula ndi lonjezo loti kholo lanu lidzasamalidwa mpaka tsiku lomaliza, ndipo lonjezo limalimba molingana ndi thumba la wolonjezayo.

Choyamba: yambani nkhaniyi mwini wake akadali ndi mphamvu

Khomo la CCRC limatseguka kwa munthu amene akuyenda yekha ndipo mutu ukugwira. Malo ambiri amalandira kuyambira zaka 62, ena 60 kapena 65, ndipo asanakulandireni amapima thupi, amayesa kukumbukira, amawerenganso chuma. Ambiri timadikira mpaka amayi atagwa m'bafa n'kuthyoka nyonga, kapena abambo atayamba kusochera pobwera kusitolo. Apo khomo limakhala litatsekeka kale, kapena atsegula koma pamtengo wina. Malo abwino amakhalanso ndi mndandanda wa odikira, ndipo pena munthu amadikira zaka.

Choncho khalani pansi ndi mwini wakeyo. Musapite ndi chigamulo, pitani ndi funso: "Amayi, miyendo ikadzakana, mukufuna kudzakhala kuti?" Ena adzayankha kuti kwathu kumudzi, ndipo limenelo ndi yankho lolemekezeka. Ngati ndi choncho, ndalama zolowera ku CCRC ndi bwino zikamange nyumba yopanda masitepe ndi kulipira wowasamalira kwathu. Malangizo ali pansiwa ndi a amene asankha kutsirizira moyo kuno. Abale onse amve nawo, ndi amene ali ku Lilongwe kapena ku Johannesburg omwe, chifukwa amene sanafunsidwe ndi amene amadzautsa mlandu pa tsiku la maliro.

Chachiwiri: werengani zimene zilipo

Lembani papepala zonse: mtengo wa nyumba ikagulitsidwa, ndalama za kubanki, penshoni, Social Security (penshoni ya boma la kuno), ndi inshuwalansi ya chisamaliro cha nthawi yaitali ngati ilipo. Malipiro ali pawiri. Pali ndalama yolowera, yomwe imayambira cha m'ma 100,000 madola ndipo kwina imapitirira miliyoni, ndiye pali ya mwezi ndi mwezi, yomwe nthawi zambiri imakhala madola masauzande angapo. Ambiri yolowerayo amalipira pogulitsa nyumba.

Ya pamweziyo imakwera chaka chilichonse. Tiyerekeze kuti lero ndi madola 4,000 ndipo ikukwera ndi 4 peresenti pachaka. Pakutha pa zaka 10 idzakhala pafupifupi 5,900. Penshoni zambiri sizithamanga choncho. Pemphani mudzi uliwonse ukuonetseni mmene mitengo yakwerera pa zaka zisanu zapitazo, zolembedwa, osati za pakamwa.

Apa ndi pamene anthu athu amapusitsika ndi Medicare, inshuwalansi ya boma yolipirira okalamba kuchipatala. Medicare salipira malo ogona okalamba, salipiranso wothandiza kusamba ndi kudya kwa nthawi yaitali. Chimene amalipira ndi masiku osapitirira 100 ku skilled nursing, munthu atagonekedwa kuchipatala masiku atatu otsatizana. Masiku 20 oyamba amalipira zonse, kuyambira tsiku la 21 wodwala amaonjezerapo madola oposa 200 patsiku, ndipo akakwana 100 basi. Pamene chipinda cha munthu mmodzi ku nursing m'madera ambiri chimadya madola oposa 100,000 pachaka.

Ngati kholo munachita kulibweretsa pa green card litakula kale, onaninso mapepala. Medicare Part A yaulere, gawo lolipirira ogonekedwa kuchipatala, imafuna kuti munthu, kapena mwamuna kapena mkazi wake, akhale atagwira ntchito ndi kudulidwa msonkho kuno kwa zaka pafupifupi 10. Wopanda zimenezo amatha kugula akakhala m'dziko zaka zisanu mosadukiza. Medicaid, thandizo la boma la zachipatala la anthu opeza zochepa, nayonso kawirikawiri imadikiritsa wa green card zaka zisanu. Midzi yambiri imafuna kuti wolowa akhale ndi Medicare kapena inshuwalansi yofanana nayo. Ndinene mosabisa: kwa makolo ambiri obwera atakalamba, CCRC ya ndalama yolowera siifikirika, ndipo ofesi yothandiza okalamba ya Area Agency on Aging ya m'dera lanu ingakulozereni njira zina zotsika mtengo.

Chachitatu: sankhani dera

Pafupi ndi mwana amene adzayendeko kawirikawiri, osati amene ali ndi ndalama zambiri. Ulendo wa mphindi 20 umayendeka ngakhale poweruka kuntchito, wa maola atatu umasanduka wa pa Khrisimasi. Onaninso mtunda wa kutchalitchi kapena kumzikiti kwawo ndi kwa dokotala wawo. Tengani midzi itatu kapena inayi, osapitirira.

Chachinayi: dziwani mtundu wa kontirakiti

Midzi iwiri ikhoza kufanana nyumba, maluwa ndi chakudya, koma mapepala ake n'kukhala kutali ngati Nsanje ndi Chitipa.

Type A, yomwe amaitchanso life care, ndi yodula polowa komanso pamwezi. Ubwino wake ndi woti munthu akasamukira ku assisted living kapena ku nursing, malipiro apamwezi sasintha kwenikweni. Ndi inshuwalansi yeniyeni. Amene adzadwale zaka zambiri amapindula, amene adzagone tulo tosadzuka akadali ndi mphamvu amakhala atalipirira anzake.

Type B ndi yapakati. Amakupatsani masiku owerengeka ku nursing osaonjezera ndalama, kapena amakutsitsirani mtengo pang'ono, kenako mumalipira monga aliyense. Funsani kuti masikuwo ndi angati, ndipo ndi a chaka chilichonse kapena a moyo wonse.

Type C ndi yotsika polowa, koma chisamaliro chikafunika mumalipira mtengo wonse wa pamsika. Imayenera amene ali kale ndi inshuwalansi ya chisamaliro cha nthawi yaitali kapena chuma chokwanira. Palinso malo a lendi chabe opanda ndalama yolowera, kumene lonjezo la mtsogolo limakhala lochepa kapena palibiretu.

Ine ndikaona banja limene matenda oiwalaiwala anagwirapo agogo ndi azakhali, ndimakokera ku Type A ngati thumba likulola, chifukwa matenda amenewa amatha kukhala ndi munthu zaka zambiri thupi lili bwinobwino. Ngati akulowa awiri, funsani kuti abambo akapita ku nursing amayi n'kutsala m'nyumba, malipiro adzakhala otani. Ena amalipiritsa pawiri.

Kenako ndalama yolowera ija. Ina imasungunuka mwezi ndi mwezi. Mwachitsanzo, ikamachepa ndi 2 peresenti pamwezi, pa madola 300,000 mukutaya 6,000 mwezi uliwonse, ndipo pakatha miyezi 50 palibe chobwerera. Ina amalonjeza kubweza theka kapena 90 peresenti kwa olowa chuma, koma kuti mupeze lonjezo limenelo mumalipira yochuluka poyamba. Funso lalikulu ndi loti adzabweza liti. Makontirakiti ambiri amati adzabweza pokhapokha munthu wina akalowa m'nyumbamo n'kulipira yake. Nyumba ikakhala chaka osapeza wolowa, inunso mudikira chaka. Musaike ndalama imeneyi pa bajeti ya maliro.

Chachisanu: suzumirani m'thumba la eni mudzi

Gawo ili ndi lotopetsa ndipo ambiri amalidumpha, koma safunsa anadya phula. Midzi imeneyi imagwa. Kampani ya Erickson Retirement Communities, imodzi mwa zikuluzikulu m'dziko muno, inakadzilengeza kukhoti kuti yalephera ngongole mu 2009. Mudzi wa Harborside ku Port Washington, New York, unachita zimenezi katatu, mu 2014, 2021 ndi 2023. Zikafika kukhoti, amene anabwereketsa ndalama zomangira ndi amene amayamba kulandira, ndipo okalamba amene akudikira kubwezeredwa amakhala kumbuyo kwa mzere.

Boma lalikulu la ku Washington siliyang'anira makontirakiti amenewa. Siteti iliyonse ili ndi malamulo ake, ndipo ena alibe n'komwe. Ku Pennsylvania ndi ku North Carolina ndi dipatimenti ya inshuwalansi, ku Florida ndi Office of Insurance Regulation, ku California ndi Department of Social Services, ku Maryland ndi Department of Aging. Abale a ku South Bend, kwanu ku Indiana midziyi imalembetsa kunthambi ya Securities Division mu ofesi ya Secretary of State. Imbani foni kumeneko mufunse ngati mudziwo uli m'kaundula.

Kumudziko pemphani disclosure statement, chikalata chofotokoza mmene mudziwo ukuyendera ndi chuma chake, pamodzi ndi malipoti a zachuma a zaka zitatu omwe anawunikidwa ndi ma auditor akunja. Ngati ndi bungwe losachita phindu, lipoti lake la pachaka lopita kwa a misonkho, lotchedwa Form 990, limapezeka pa intaneti kwaulere, monga pa Nonprofit Explorer ya ProPublica. Ngati anamanga ndi ngongole ya ma bond, malipoti ake amakhala pa tsamba la pa intaneti la EMMA, limene limasunga malipoti a ngongole zotere. Simukuyenera kukhala akauntanti. Yang'anani zinthu zochepa izi: nyumba zingati mwa 100 zili ndi anthu (zikamatsika kwambiri pansi pa 90 chaka ndi chaka, dabwani), ndalama zimene ali nazo m'manja zingayendetse mudzi masiku angati popanda cholowa, ndiponso ngati zolowa zikukwanira kubweza ngongole. Ngati ndi Type A, funsani kuti akatswiri owerengera za inshuwalansi anawunika liti komaliza ngati malonjezo awo ali ndi ndalama kumbuyo. Chiphaso cha bungwe la CARF, limene limayendera ndi kuvomereza malo otere, ndi chizindikiro chabwino, ngakhale midzi ina yolimba sinachifunsire. Wogulitsa malo wa pamudzipo akayamba kuzemba mapepala amenewa, mwayankhidwa kale.

Chachisanu ndi chimodzi: pitani mukaone, koma muyambire kumbuyo

Adzakulandirani ndi khofi pakhomo lonyezimira, akuonetseni dziwe losambira, laibulale ndi chipinda chodyera chokhala ndi nsalu zoyera pamatebulo. Chikomekome cha mkuyu. Inu nenani kuti mukufuna kuyambira ku nursing ndi ku memory care, chifukwa kumeneko ndi kumene ndalama yanu ikupita, ndipo ndi kumene kholo lanu lidzakhale pa nthawi imene silingathenso kudziyankhulira.

Ndinagwirako ntchito ya CNA, wothandizira anamwino, usiku pamalo ena otere, choncho ndikuuzeni zimene ndimayang'ana. Nyale zoitanira thandizo zimene zili pamwamba pa zitseko, zikayaka zimatenga nthawi yaitali bwanji kuti wina alowe? Fungo la mkodzo la apo ndi apo limachitika paliponse, koma likakhazikika m'khonde lonse ndiye kuti anthu akugonera zonyowa. Onani zikhadabo ndi tsitsi la okhalamo. Pa nthawi ya chakudya, amene sangathe kudya okha pali wowadyetsa atakhala pansi, kapena mbale zikubwerera zodzaza? Funsani wantchito wamba, osati bwana, kuti wakhalapo zaka zingati ndipo usiku amasamalira anthu angati. Pamene ndinkagwirapo paja, masana alendo akabwera tinkaoneka ochuluka, koma Loweruka usiku khonde lonse linkatsala m'manja mwa anthu awiri, mmodzi wa iwo wobwereka ku ejensi amene sankadziwa dzina la wodwala aliyense. Ndiye mukapita koyamba mwa pangano, kachiwiri mupite Lamlungu madzulo osanena.

Tsamba la Care Compare la Medicare limapereka nyenyezi kuyambira imodzi mpaka zisanu ku gawo la nursing, ndipo limaonetsa kuchuluka kwa antchito, ngakhale a Loweruka ndi Lamlungu, komanso mmene akusiyira ntchito. Lipoti la oyendera a boma liyenera kupezeka poonekera pamalopo, lipempheni. Assisted living simupezeka pa tsambali chifukwa imayang'aniridwa ndi siteti. Imbiraninso long-term care ombudsman wa m'deralo, amene ntchito yake ndi kumva madandaulo a okhalamo, ndipo salipiritsa.

Pali mafunso awiri amene amadzabweretsa misozi mtsogolo. Ndani amagamula kuti nthawi yosamukira ku gawo lina yakwana, ndipo banja lingakane? Nanga tsikulo likafika mabedi a ku nursing ali odzaza, amayi adzapita kuti ndipo adzalipira ndani? Mayankho ake akhale mu kontirakiti.

Midzi yambiri imalola woyembekezera kulowa kugona usiku umodzi kapena uwiri. Amayi agoneko, adye ndi okhalamo popanda wogulitsa pafupi. Okalamba sabisa mawu.

Chachisanu ndi chiwiri: mafunso amene ndi athuathu

Awa wogulitsa sadzawayambitsa chifukwa sakuwadziwa.

Kutumiza ndalama kwathu. Midzi yambiri yosachita phindu ili ndi thumba lothandizira amene chuma chawathera, koma lamulo lake limati chikhale chitatha popanda vuto la mwini wake. Abambo akamalipirira adzukulu asanu fizi, kugula feteleza wa banja lonse ndi kumalizitsa nyumba ku Area 25, eni mudzi akhoza kunena kuti anamwaza dala, n'kukana kuwathandiza. Medicaid nayo m'masiteti ambiri imayang'ana mphatso zonse za zaka zisanu zam'mbuyo. Kwa ife kuthandiza abale si mphatso, ndi udindo, koma pepala la kuno silidziwa zimenezo. Funsani malire ake, ndipo ana agawane mtolowo kuti uchoke pa dzina la kholo.

Ulendo wa kwathu. Amayi akapita miyezi itatu kukaona abale, ya pamwezi imalipidwabe, mwina angokuchotserani ya chakudya. Medicare siigwira kunja kwa America kupatula pa zochitika zochepa kwambiri, ndipo wa green card akakhalitsa kunja kupitirira miyezi isanu ndi umodzi amayamba kufunsidwa mafunso pobwerera.

Chakudya. Ku independent living kuli khitchini, nsima aziphika okha. Ku nursing n'kumene kuli nkhani. Mudzaloledwa kubweretsa nsima ya chambo kapena phala la mgaiwa? Pali potenthetsera? Munthu wokalamba akasiya kudya amatsika msanga, ndipo nthawi zina mankhwala ake amangokhala ndiwo zakwawo.

Chilankhulo. Matenda oiwalaiwala amakonda kufufuta chilankhulo chimene munthu anaphunzira atakula n'kusiya cha pa bere. Mayi amene anaphunzitsa m'Chingelezi zaka 30 akhoza kudzuka akupempha madzi m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, antchito n'kulemba kuti akubwebweta. Funsani ngati angalole pepala la mawu ofunika pakhoma ndi kukuimbirani foni pakavuta.

Alendo. Ife sitibwera awiri. Amayi a Mvano akabwera khumi ndi nyimbo zawo, pali chipinda? Mdzukulu angagone masiku angati?

Maliro. Ngati mwini wake akufuna kukaikidwa kwathu, zilembedwe, ndipo ndalama yonyamulira thupi ikhale payokha.

Chachisanu ndi chitatu: loya, kenako siginecha

Kontirakiti imakhala ya masamba ambirimbiri. Ipititseni kwa loya wodziwa malamulo a okalamba, amene mungamupeze kudzera ku bungwe la National Academy of Elder Law Attorneys, osati loya amene anakuthandizani za mapepala a imigireshoni. Aone zifukwa zimene mudzi ungachotsere munthu, chimene chimachitika mudzi ukagulitsidwa, ndiponso ngati mukukakamizidwa kusiya ufulu wopita kukhoti. Inu mwana samalani posaina. Ngati mukusainira kholo ndi power of attorney, chikalata chokupatsani mphamvu yochita zinthu m'malo mwake, zilembedwe choncho pambali pa dzina lanu, kuopa kudzapezeka kuti mwavomera ngongole ndi thumba lanu. Nthawi yomweyo konzani chikalata chonena amene adzalankhulire kholo kuchipatala.

Wowerengera misonkho aonenso, chifukwa gawo lina la ndalama yolowera ndi ya pamwezi limatha kuwerengedwa ngati ndalama ya chipatala pa msonkho, ndipo mudzi umapereka kalata yonena kuti gawolo ndi lalikulu bwanji.

Dziwani masiku amene mungabwerere m'mbuyo. Ku Florida lamulo limapereka masiku 7 mutasaina. Ku California pali masiku 90 kuchokera pamene munthu walowa. Kwina ndi zina, choncho lembani tsikulo pa kalendala. Ngati n'kotheka, nyumba yakale musaigulitse mopupuluma pamtengo wogwa chifukwa choti wogulitsa wa ku CCRC wanena kuti mawa malo apita.

Chomaliza: kusamuka

Yezani zipinda musanatenge katundu, chifukwa nyumba ya zaka 30 siilowa m'zipinda ziwiri. Mwini wake asankhe yekha zopita nazo, ngakhale zitakhala mpando wothothoka ndi mthiko wakale. Zithunzi zikhale pakhoma ndipo bedi likhale loyalidwa ndi zofunda zawo asanafike. Masabata oyamba adzanena kuti akufuna kubwerera, ndipo mwina adzakukwiyirani. Gawanani masiku oyendera kuti pasapite atatu popanda nkhope yodziwika, koma nthawi ya chakudya chamadzulo muziwasiya apite kuchipinda chodyera, poti anzawo atsopano adzawapeza kumeneko. Msonkhano wa bungwe la okhalamo ukaitanidwa, makamaka wokambirana bajeti ya chaka chamawa, amayi apiteko ndi kope lawo, ndipo lipoti la zachuma likatuluka mulipemphenso ngati mmene munachitira musanasaine.